Anatilandirira M'nyumba ya Khofi

Yokota, 24 Okutobala 1983

Mlongo wanga Kiyoe,

Kuno m'mawa kwayamba kuzizira, ndipo mpunga tamaliza kukolola. Ndikhulupirira mawondo ako akukulola kuyenda. Tinafika bwino, ine ndi Sanae, ndi thumba la mpunga lomwe lija.

Pasiteshoni sindinakutsazike bwino, n'chifukwa chake ndikulemba tsopano mtima utakhala pansi. Unandiuza kuti a Kito ndi anthu aulemu, kuti mwana wawo Tatsuhiko akufuna kukwatira mwana wanga Sanae, ndipo kuti ndibwere ku Nagoya tidzaonane ngati asewere. Ndinabwera. Ndinavala suti imene ndinavala pamaliro a bambo athu. Ndinanyamula mpunga watsopano wa m'munda mwathu. Ndiye anandilandirira kuti? M'nyumba yogulitsira khofi, pakati pa anthu ovala masilipasi akuwerenga nyuzipepala. Anandikhazika pawindo kuti aliyense wodutsa mumsewu andione. Anandionetsa kwa wometa tsitsi ndi kwa mayi wogulitsa khofiyo ngati ng'ombe pamsika. Kenako anandiikira dzira ndi buledi, zimene ndinamva kuti n'zaulere, amapatsa aliyense wogula khofi m'mawa. Dzira laulere, Kiyoe, pa tsiku lokamba za ukwati.

Kwathu kuno ngakhale wogulitsa mankhwala wa ku Toyama, amene amabwera kamodzi pachaka, timamukhazika pakhonde n'kumupatsa tiyi. Ine chitseko cha nyumba ya a Kito sindinachione n'komwe. Zimene ndinanena pamenepo sindikuzibweza.

Sanae akhala kuno. Utumize katundu wake amene ali kwa iwe, ndipo uwauze a kuchipatala kumene amagwira ntchito kuti sabweranso. Undiuzenso ngati banja lija lanenapo kanthu.

Mlongo wako,
Shigeharu


Nagoya, 30 Okutobala 1983

Achimwene,

Kuno masamba ayamba kuyoyoka m'misewu. Mawondo ali bwino, zikomo. Chimene chikundivuta ndi nkhope, ndikusowa poiika.

Kalata yanu ndinaiwerenga nditaimirira, ndinaiwerenganso nditakhala pansi, sinasinthe. Mwati zimene munanena simukuzibweza. Mwina mwaiwala mmene munazinenera, ndiye ndikukumbutseni poti ndinali pambali panu. Munaimirira mpando n'kugwa. Munati, "Mwana wanga sindingamupereke kwa anthu olandirira alendo mumsewu." A Kito anali ndi dzira m'manja, akukusenderani inuyo. Anati, "Asewere, takhalani kaye pansi, khofi angazizire." Inu munati, "Usewere wake uti?" Ndiye munasenza thumba lanu n'kuyamba kukankha chitseko chokoka, mpaka mayi Oguri, eni ake a nyumba ya khofi ija ya Tsubame, anadzakutsegulirani, n'kuwerama, n'kukuthokozani chifukwa chobwera.

Tsopano mvetserani. Nyumba ya a Kito, pansi ponse ndi makina opangira timabawuti ta magalimoto. Amalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndi Lamlungu lomwe ntchito ikachuluka. Banja limagona m'mwamba. Nyumba zambiri za m'dera lino la Nakagawa zili choncho, ndiye munthu wa kuno chipinda chake cha alendo ndi nyumba ya khofi imene amadyako m'mawa uliwonse. Malonda amakambira komweko, za maliro amakonzera komweko. Mpando wapawindo uja a Kito akhalapo chitsegulireni Tsubame, ndipo ngakhale akazi awo sakhalapo. Tsiku lija anaupereka kwa inu. Wometa uja, a Hattori, anatseka shopu yawo kuti adzakuoneni. Sikunali kukugulitsani kumene kuja. Munthu anali kukunyadirani pamaso pa anzake.

Dzira ndi laulere, inde. Kuno ukagula khofi m'mawa amabwera ndi buledi wowotcha ndi dzira lowiritsa, kaya ndiwe mwini fakitale kaya wosesa mumsewu. Mudzati bwanji sindinakuuzeni. Munthu akakhalitsa pamalo amaiwala kuti zina zimafuna kufotokoza.

Mwafunsa ngati anenapo kanthu. Sindikudziwa. Ine ndi amene ndinayenda pakati pa nkhaniyi, ndipo a Kito ndinadziwana nawo kwa Tsubame komweko, kumene ndakhala ndikudya m'mawa chimwalirireni mwamuna wanga. Chichokereni inu sindinapondeko. Popita kuntchito ndikuzungulira msewu wakuseri.

Katundu wa Sanae sindinatumize. Kuchipatala ndawauza kuti akuthandiza makolo pambuyo pokolola, ndipo amvetsa. Alamu anga a Fumiyo mundiperekere moni. Mundiyankhe msanga.

Mlongo wanu,
Kiyoe


Yokota, 19 Novembala 1983

Alamu,

Chisanu chayamba kuwaula masamba m'dimba, ndipo zipatso za kaki zimene tinapachika pakhonde zauma bwino, ndikutumizirani pang'ono. Muli bwanji kumeneko?

Ndikulemba ndine chifukwa alongo anu salemba. Kalata yanu inafika kalekale. Anaiwerengera pakhomo, makutu n'kufiira, kenako anapita kukawaza nkhuni zimene zikhoza kutikwanira mpaka chaka chamawa. Pa chakudya ndinawafunsa kuti alamu akuti bwanji. Anati, "Akuti mawondo ali bwino." Ndinaipeza m'thumba la jekete pochapa, ndiye zonse ndikuzidziwa.

Vuto ndi loti nkhaniyi anali ataifalitsa kale. Tsiku lomwe anafika anakaikamba kumsonkhano wa alimi, kuti anawaphunzitsa ulemu anthu a mumzinda. Amuna anzawo anawaombera m'manja. Tsopano aliyense akakumana nawo amati, "Munachita bwino, a Kadowaki, dzira laulere ndi chipongwe." Iwo amangoyang'ana pansi n'kuti, "Eee, zinatha zimenezo." Ineyo ndikamva choncho ndimafuna kulowa m'nkhokwe.

Sanae sakulira, ndipo ndikanakonda akanalira. Amadzuka, kuphika, kudyetsa ng'ombe. Bambo ake akamulankhula amayankha mwaulemu wa kwa mlendo, "Inde, ndamva," basi. Makalata a mnyamata uja amafika, alongo anu amawalandira okha kwa wapositi, n'kuwaika patebulo. Thumba la mpunga lija lili pakhomo pomwe analitula. Palibe amene amalikhudza, timangolizungulira.

Alamu, mwamuna wanga si woipa, inu mukumudziwa kuposa ine. Anangoopa kuti mwana wake akakhala wonyozeka kwa eni. Chonde tiuzeni, kodi khomo lidakali lotsegula kumeneko? Mukamayankha mulembere iwowo, musatchule kuti ndinalemba.

Mlamu wanu,
Fumiyo


Yokota, 27 Novembala 1983

Mlongo wanga Kiyoe,

Pamwamba pa mapiri payera kale ndi chipale chofewa. Ndikhulupirira uli bwino. Ndachedwa kuyankha chifukwa cha ntchito ya nkhuni.

Zimene unalemba ndaziganizira. N'kutheka kuti panali kusamvana. Ngati mwambo wa kumeneko uli woti anthu amakambira nkhani zikuluzikulu pa khofi, ine sindikana kuutsata. Ndiye uchite izi. Uyende mumzindamo undipezere nyumba ya khofi yabwino kuposa zonse, ya ulemu wake, ya kachipinda kotseka, kutali ndi dera la a Kito. Ndiitana ndine, ndipo zonse zikhala pa ine. Ndikufuna a Kito aone kuti ife a Kadowaki timadziwa kulandira munthu. Tikakakhala awiri, popanda wometa tsitsi, ndidzanena zoyenera kunena.

Usathamange. Ulawe wekha khofi wake ndi buledi wake, uone ngati makapu ali oyera. Ukapeza, ukawauze a Kito, n'kundilembera tsiku.

Mlongo wako,
Shigeharu


Nagoya, 11 Disembala 1983

Achimwene,

Mphepo ya ku phiri la Ibuki yayamba kutiboola mafupa. Moni kwa onse kumeneko.

Ntchito imene mwandipatsa ndinaiyamba musanandipatse. Munthu wothawa nyumba yake ya khofi amadyabe m'mawa, ndiye chichokereni inu ndakhala ndikukwera sitima ya pansi pa nthaka kukadya kumene sandidziwa. Nazi zimene ndaona.

Pansi pa siteshoni yaikulu zilipo zambiri. Khofi wake ali ngati madzi otsukira kapu, anthu amameza dzira akuyang'ana wotchi, ndipo palibe amene amakuyang'ana kumaso. Kwa munthu wamanyazi ndi malo abwino kwambiri. Ndinapitako kangapo.

Ku Osu kuli mkulu wina amene amakazinga yekha khofi. Sindinamwepo khofi wokoma chotero. Koma salola phokoso, amangoliza nyimbo za zeze wa azungu, ndipo supuni yanga itagunda kapu anandiyang'ana ngati ndaswa mbale pamaliro. Kumeneko simungakanene kanthu, choyenera kapena chosayenera.

Ku Imaike ina imapereka buledi wopaka nyemba zofiira za shuga, dzira, saladi, ndi kambale ka msuzi pamwamba pake, zonse pa kapu imodzi. Inu amene dzira limodzi laulere linakupwetekani, kumeneko mukhoza kukomoka.

Ya kachipinda kotseka ndinaipeza mu hotela ina ku Sakae. Pansi pali kapeti, wopereka chakudya amavala magolovesi oyera, dzira limabwera litakhala m'kachikho kasiliva, ndipo n'logula. Makapu ndi oyera. Ndinaganiza kuti imeneyi ndi yanu.

Koma ndaphunziraponso china. Nyumba ya khofi yabwino imadziwikira panja, pa njinga za madengu zimene zaimikidwa pakhomo, ndiponso mkati, pa timatikiti ta khofi wolipiriratu ta anthu a masiku onse topachikidwa kukhoma, aliyense ndi dzina lake. Ndipo iliyonse yabwino ili ndi a Kito ake. Tsiku lina ku Atsuta ndinakhala pampando wa pakona, wopanda munthu. Kunalowa nkhalamba ina, inaima pambali panga, chipewa chili m'manja, mpaka ndinanyamula kapu yanga n'kusuntha. Sinandithokoze. Mpando unali wake.

Uthenga wanu sindinachite kukaupereka, unadzatengedwa. Lachitatu mayi Oguri anabwera kushopu yochapa zovala kumene ndimagwira ntchito, atanyamula nsalu za patebulo zimene ndikudziwa kuti amachapa okha. Anati, "A Kiyoe, mwatitaya. Matikiti anu akuchita fumbi kukhoma. Kapena khofi wanga wayamba kuwawa?"

Ndinati, "Mayi, mukudziwa chimene chikuwawa."

Anati, "Chimenecho chikuwawa tonse. A Kito chichokereni alongo anu sanakhalenso pawindo. Amakhala pakauntala, kufulatira anthu. A Hattori akalowa amawaitana ndi dzina lawo loyamba, amati, 'Genzo, asewere ako aja anafika nalo thumba, kapena akadakankhabe chitseko?' Anthu n'kuseka. Iwo amasekanso, koma dzira amalisiya."

Ndinawafotokozera za hotela. Anati akawauza a Kito. M'mawa mwake anabweranso, opanda nsalu. Yankho la a Kito ndi ili, monga anandiuzira: "Muwathokoze a Kadowaki. Koma ine ndimadya kwa Tsubame."

Achimwene, musalimve molakwika ngati lija. Sakukana kukumana nanu. Munthu munamuvula pamaso pa anzake, ndiye mukufuna mukamuvekere m'kachipinda kotseka kumene palibe amene adzaone. Komanso kumutengera munthu wa kuno kunyumba ya khofi ina n'kumuuza kuti yake n'njachabe. Nyumba ya khofi yabwino kuposa zonse mu Nagoya muno, ya nkhani yanuyi, ndi imodzi yokha, ndipo chitseko chake n'chokoka.

Mlongo wanu,
Kiyoe


Yokota, 5 Januwale 1984

Azakhali,

Chaka chabwino chatsopano. Kuno chipale chofewa chafika m'mawindo, basi siikuyenda, ndipo sindikudziwa kuti kalatayi inyamuka liti. Mukudya bwino?

Bambo sanakuyankheni, ndikudziwa. Kalata yanu anaiwerenga n'kuti, "Aona okha." Sindikudziwa kuti ndani aone chiyani.

Tatsuhiko walemba kuti tikhoza kungokalembetsa ukwati kuboma awiriwiri, makolo adzazolowera. Ndamukana. Azakhali, ine ndikakwatiwa kumeneko ndizikagula ndiwo mumsewu womwe uja, ndizikadutsa pawindo lomwe lija tsiku ndi tsiku. Sindikufuna kukhala moyo wanga wonse ndili mwana wa mkulu wa thumba uja. Sindikufunanso apongozi amene anasiya mpando wawo chifukwa cha ine. Ndamuuza kuti chipale chikasungunuka bambo asanapite ku Nagoya, asandidikirenso. Bambo sindinawauze zimenezi. Ndawauza amayi, ndiye n'chimodzimodzi.

Dzana ndinapita kukhola ndi madzi. Ndinapeza bambo ataimirira pamaso pa ng'ombe yathu yaikazi, manja ali m'mbali, akuilankhula mawu aulemu kwambiri. Ndinamva "kupusa kwanga" ndi "mtima wanu waukulu". Kenako anaiweramira. Ndinabwerera ndi madzi anga asanandione. Ndinafuna kuseka, koma sikunatheke.

Zovala zanga zachilimwe zikhale kaye konko.

Mwana wanu,
Sanae


Nagoya, 13 Febuluwale 1984

Alamu,

Kuno maluwa a maula ayamba kutumphuka ngakhale kukuzizirabe. Amuna anu ndawakweza sitima masana ano, ndiye mwina afika kalatayi isanafike. Ndikudziwa kuti mukawafunsa adzangoti "zayenda", n'chifukwa chake ndikulemberani zonse.

Anafika dzulo madzulo osandiuza, suti yomwe ija, thumba la mpunga paphewa. Anati, "Mawa undiperekeze." Ndinati, "Kuti?" Anati, "Usandivute, Kiyoe."

M'mawa tinapita. Pa ngodya ya msewu anaima n'kumanganso zingwe za nsapato zimene zinali zomanga kale. Chitseko anachikoka bwinobwino.

Munali modzaza. Nyuzipepala zonse zinatsika pamodzi. A Kito anali pakauntala, atatifulatira. Mpando wapawindo unali wopanda munthu. Woyamba kulankhula anali a Hattori. Anati, "Genzo, tacheuka. Mpunga wako wabwera. Wayenda ulendo wautali kuposa ine moyo wanga wonse."

Mayi Oguri anati, "A Hattori, mukapitiriza ndikulandani dzira." Kenako kwa ife, ngati tinalipo dzulo, "Takulandirani. A Kiyoe, wa masiku onse?"

Achimwene anatula thumba, n'kuyenda mpaka pamene panali a Kito. Nkhope inali itayera ngati pepala. Anayamba kupinda mawondo kuti agwade pansi pomwepo, pakati pa matebulo, pamaso pa onse. Anangoti, "A Kito, ine Kadowaki Shigeharu," basi. A Kito anatsika pampando msangamsanga n'kuwagwira pamkono asanafike pansi. Anati, "Ayi, ayi, asewere, muno ndi modyera. Paja munafuna kuona nyumba. Tiyeni mukaione."

Tinatuluka atatu, a Kito atagwirabe mkono uja ngati akuopa kuti athawanso. Atatsegula chitseko cha nyumba yawo, phokoso linatimenya pachifuwa. Alamu, ine ndakhala kuno nthawi yaitali koma ndinali ndisanalowemo. Makina akudula zitsulo, malamba akuzungulira, pansi pakunjenjemera, fungo la mafuta. Tatsuhiko anali pa makina ena. Atationa anatambasula dzanja kuti azimitse, bambo ake n'kumupukusira mutu. Anatikweza m'mwamba, m'kachipinda kamene amagona, kudyera ndi kusungira zonse. Makapu anali kuvina okha pashelefu. A Kito anaika khushoni pamphasa, n'kukhala moyang'anana ndi achimwene, n'kuwakodola ndi dzanja kuti tsopano nenani.

Ananena. Anagwada, manja pansi, chipumi pamphasa, n'kudzuka, n'kulankhula nthawi yaitali. Ndinkaona milomo ikuyenda ndi mitsempha ya m'khosi itatupa. Ndinali pafupi moti ndikanatha kuwakhudza, koma sindinamve liwu ngakhale limodzi. A Kito anali kugwedeza mutu mwaulemu, apa ndi apo, ngati akumva zonse. Achimwene atamaliza, thukuta lili chuchuchu m'nyengo yozizirayi, a Kito nawo anawerama mpaka pansi. Kenako analoza pakamwa, n'kuloza panja.

Mumsewu makutu anali kulirabe. A Kito anati, "Mwaiona nyumba, asewere." Achimwene anati, "Ndaiona." A Kito anati, "Ndiye tiyeni tikakambe za ana."

Mpaka pano sindikudziwa ngati chimene anachita a Kito chinali chifundo kapena kubwezera. Mwina iwonso sakudziwa. Anawapulumutsa kugwada pamaso pa wometa tsitsi, koma anawaonetsanso, popanda kunena, kuti anakalipira anthu osalakwa.

Titabwerera, panabuka kulimbana kwina, aliyense akukankhira mnzake mpando wapawindo. "Khalani inu." "Ayi, ndi wanu." Mpaka mayi Oguri anakoka mpando wina n'kuuika pawindo pomwepo, n'kuti, "Khofi wanga sadikira ulemu wa amuna." Anakhala onse awiri, mapewa akugundana, anthu a mumsewu akuwaona. A Hattori anafunsa ngati ku Yokota nkhuku zimaikira mazira ogula okhaokha. Achimwene anafiira mpaka m'khosi, koma anayankha kuti, "Kwathu nkhuku n'zaulemu, bambo, ndi eni ake amene alibe." Nyumba yonse inaseka, ndipo a Hattori anawapatsa ndudu.

Ukwati ukhala mu Meyi, mukamaliza kuwokera mpunga. A Kito anafunsa okha kuti ntchito ya kumunda imapepuka liti. Mumuuze Sanae kuti akuchipatala akumudikira. Zipatso za kaki zija zinali zokoma, ndinagawirako mayi Oguri.

Mlamu wanu,
Kiyoe


Yokota, 20 Febuluwale 1984

Mlongo wanga Kiyoe,

Chipale chayamba kudontha padenga. Ndinafika bwino. Zikomo chifukwa cha malo ogona ndi zina zonse zimene wavutika nazo.

Kumsonkhano wa alimi ndawauza kuti ukwati ulipo, ndiponso kuti zimene ndinawauza poyamba zija ndinalakwitsa ndine. Sanaombe m'manja. Wina anafunsa za mtengo wa feteleza.

Chinthu chimodzi chinandivuta m'sitima monse. Mawu aja ndinawakonza nyengo yonse yachisanu, ndipo ndikhulupirira anali abwino. Palibe munthu anawamva. Ndinaganiza zowalemba n'kutumiza kwa a Kito, koma Fumiyo akuti munthu akakutsekera makutu mwadala usamutsegule. Mwina akunena zoona.

Dzulo pa chakudya cham'mawa Sanae anandiikira mbale ya mpunga monga amachitira, osandiyang'ana. Ndinamuuza kuti mawu amene ndinakanena ku Nagoya sanamveke, ndipo kuti ndikaganiza bwino, ambiri mwa iwo sanali a a Kito okha. Ndinamufunsa ngati angafune kuwamva iyeyo. Amayi ake anadzuka kuti atuluke, ndinawauza kuti akhale. Sanae anaika timitengo todyera pansi, anakhala bwino, n'kundiyang'ana kumaso koyamba chichokereni kumeneko. Anati, "Nenani, bambo."

Kuno kulibe makina. Ndinanena onse.

Mlongo wako,
Shigeharu